Siteshoni ya matailosi ija ya ku Porto, mupiteko koma musangojambula n'kuthawa

Achemwali ena omwe amakhala ku Leeds, ku England, andifunsa za mzinda wa Porto, ku Portugal, chonchi: "Ine ndi amuna anga tikupita ku Porto masiku awiri okha, mnzanga wakuntchito akuti tisalephere kukaona siteshoni ya sitima yotchedwa São Bento chifukwa cha matailosi. Koma zoona munthu kulipira ndege n'kukaonera matailosi, ngati tikufuna kumanga bafa? Amalipiritsa? Tipite nthawi yanji, ndipo tikayang'ane chani kwenikweni?"

Achemwali, funso lanu landiseketsa chifukwa nanenso ndinkaganiza chimodzimodzi ndisanayambe ntchito ya zoumbaumbayi. Kwathu tikamva matailosi timaganiza za pansi pa nyumba ya bwana kapena m'chimbudzi cha pa hotela basi. Ndiye ndiyambe ndi zosavuta. Kulowa n'kwaulere, simulipira kalikonse, ndi siteshoni yeniyeni yomwe anthu akukwera sitima tsiku lililonse, matailosiwo ali m'chipinda chachikulu cholowera musanafike n'komwe pomwe amaonera matikiti. Ili pakatikati pa tawuni, pa bwalo lotchedwa Praça de Almeida Garrett, moti ngakhale mutafuna kuizemba muidutsa ndithu kawiri katatu m'masiku awiriwo. Vuto ndi loti anthu ambiri amalowa, kukweza foni, kujambula, mphindi zitatu atuluka, kenako amakanena kuti aaa ndi khoma la buluu chabe. Ine ndimati patulani mphindi 30 kapena 40, chifukwa khomalo ndi loti muwerenge ngati mmene mungawerengere nyuzi, ndipo mukadziwa nkhani zomwe zilipo simutopa nazo.

Za nthawi: pitani m'mamawa kwambiri, cha m'ma 7, kapena usiku mukamachokera kodya. Masana kuyambira cha m'ma 10 mpaka dzuwa kupendeka mumadzaza magulu a alendo, aliyense akutsatira munthu wonyamula kambendera, ndipo m'chithunzi chanu mudzangotuluka mitu ya anthu. M'mamawa kuwala kumalowa bwino pa mawindo aakulu aja, usiku amayatsa magetsi ndipo buluu uja amaoneka wakuya mwina. Mukatha kupita kawiri, m'mawa ndi usiku, ndiye bho kwambiri. Chikwama chikhale kutsogolo, paliponse pomwe anthu akuyang'ana kudenga akuba am'thumba amakondwera, ndipo musaime pakati pa khomo, pali anthu akuthamangira kuntchito omwe matailosiwo anasiya kalekale kuwaona.

Pamalopo kale panali nyumba ya masisitere a chipani cha Benedikito, São Bento de Avé-Maria, yomangidwa m'zaka za m'ma 1500, dzina la siteshoni lachokera pamenepo. M'chaka cha 1834 boma la Portugal linathetsa zipani za amonke, koma kwa masisitere lamulo linali loti asalandirenso atsopano ndipo nyumba idzatengedwa sisitere womaliza akadzamwalira. Ndiye a njanji anadikira, kudikira, gogo womaliza anadzamwalira mu 1892, patapita zaka 58! Anthu a ku Porto mpaka lero amaseka kuti mzimu wake umayendayendabe m'siteshonimo ukupemphera, inu mukaumva mudzandiuze. Sitima yoyamba inafika pamalopo mu 1896 kudzera mu ngalande yoboola phiri, nyumba ya siteshoni isanamangidwe, anthu ankangotsikira m'zisakasa zamatabwa. Mfumu Carlos I inaika mwala wa maziko mu 1900, pulani anajambula ndi José Marques da Silva, mwana wa ku Porto komweko yemwe anaphunzira ku Paris, n'chifukwa chake kunja kwake ikuoneka ngati nyumba ya ku France, ndipo anaitsegula pa 5 Okutobala 1916. Mukafika pa pulatifomu muyang'ane kutsogolo, muona njanji zonse zikulowa m'phiri, sitima imangotulukira mumdima ngati mbewa kuuna.

Matailosiwo kumeneko amawatcha azulejo. Ambiri amaganiza kuti dzinali lachokera ku mawu oti azul, omwe m'Chipwitikizi ndi buluu, koma ayi, lachokera ku Chiarabu, ku mawu otanthauza kamwala kosalala, poti luso limeneli linafika ku Spain ndi Portugal kudzera mwa Amoor ochokera kumpoto kwa Africa. Mtundu wa buluu ndi woyerawo unadzabwera pambuyo, potengera mbale za ku China ndi matailosi a ku Holland. Pa São Bento alipo pafupifupi 20,000, malo okwana ma sikweya mita 551, ndipo anajambula ndi Jorge Colaço, yemwe anabadwira ku Tangier, Morocco, mu 1868. Anawotchera ku fakitale ya Sacavém kufupi ndi Lisbon, ntchito yonse inatenga kuyambira 1905 mpaka 1916.

Apa ndikhalitsepo pang'ono poti ndi ntchito yanga. Kawirikawiri azulejo yachikhalidwe siipentedwa ikatha kupsa ngati mmene timapentera khoma. Dongo limawotchedwa kaye, kenako amalikuta ndi madzi a ufa woyera wokhala ndi tini, ukauma umakhala ngati ufa wa mgaiwa wopyapyala pamwamba, ndipo wojambula amajambula pa ufa wosapsawo. Ufa umenewu umamwa utoto nthawi yomweyo, ngati mmene dothi louma limamwera madzi mukamazira, ndiye ukalakwitsa palibe kufufuta, tailosi imeneyo yapita. China chovuta, utoto wa kobalti usanalowe mu uvuni sukhala buluu, umakhala wotuwa chakukuda, wojambula akugwira ntchito osaona mtundu weniweni, amangodziwa ndi dzanja kuti apa ndathira madzi ambiri padzatuluka buluu wopepuka wa kumwamba, apa ndakhuthitsa padzatuluka mthunzi wa pansi pa hatchi. Chithunzi chonse amayamba achijambula pa pepala lalikulu, n'kuboola timabowo motsatira mizere, n'kugogoda ndi kansalu ka makala kuti timadontho tigwere pa matailosi oyalidwa, kuseri kwa tailosi iliyonse amalemba chilembo ndi nambala kuti womata akadziwe malo ake. Tsopano inu mukayandikira khomalo yang'anani pomwe mwendo wa hatchi ukuchoka pa tailosi ina kulowa pa inzake, mzere osaduka, mtundu osasintha, chonsecho zinapsa mu uvuni wa nthawi imeneyo wopanda kompyuta yoyeza kutentha. Amayi anga ankaumba mbiya, ndipo mwa mbiya khumi ziwiri zinkasweka pamoto, ndiye ine ndikaima pamenepo ndimangowerenga m'mutu kuti kaya zinatayidwa zingati kuti izi zifike 20,000. Yandikirani koma musagwire, thukuta la manja a anthu zikwizikwi nalonso limadya.

Mukalowa kuchokera kumsewu, tembenukirani kumanzere. Pamwamba pali chipwirikiti cha akavalo ndi mikondo, imeneyo ndi nkhondo ya ku Arcos de Valdevez, cha m'ma 1140, pomwe Afonso Henriques, mfumu yoyamba ya Portugal, ankalimbana ndi msuweni wake Alfonso VII wa ku León (ufumu wakale wa m'dziko lomwe lero ndi Spain) kuti Portugal iime payokha. Koma chomwe ndimachikonda ndi cha m'munsi mwake. Muona bambo wamkulu ataima pamaso pa mfumu, pakhosi pali chingwe, mkazi wake ndi ana ali pambali. Ameneyo ndi Egas Moniz, mlezi wa Afonso Henriques. Nkhani imati mfumu ya León itazinga mzinda wa Guimarães, bamboyu anapereka mawu ake kuti mnyamata wakeyo agonjera, mfumu inachotsa asilikali, koma mnyamata uja atapeza mpweya anakana kugonjera. Ndiye mkuluyu anatenga banja lake lonse, wapansi, zingwe m'khosi, kupita ku Toledo kukanena kuti mawu anali anga, ndalephera kuwasunga, tipheni. Mfumu inachita chidwi n'kumukhululukira. Akatswiri a mbiri amaitenga ngati nthano yomwe inakometsedwa pambuyo pake, koma mwana aliyense wa ku Portugal amaidziwa. Ineyo ndimati mukaona nkhope ya mayiyo mudzifunse ngati anafunsidwa maganizo asananyamuke, kkk, amuna anu muwalozere chimenecho.

Khoma la kumanja likukhudzani inu a ku England. Pamwamba ndi Mfumu João I ikulowa mu Porto ndi Philippa wa ku Lancaster, mwana wa John of Gaunt, kalonga wa ku England, ukwati wawo unachitikira mumzinda womwewu mu 1387, chaka chimodzi chitachitika chipangano cha Windsor cha 1386 pakati pa England ndi Portugal, chomwe mpaka pano sichinathe. Tchalitchi chachikulu cha Sé chomwe anakwatirana chili pamtunda pompo, mphindi zisanu wapansi. M'munsi mwake muli mwana wawo, Infante Dom Henrique, yemwe Angerezi amati Henry the Navigator, ataima monyadira pa kulandidwa kwa mzinda wa Ceuta mu 1415.

Chithunzi chimenechi ine sindichiona ngati mmene amachionera eni ake. Ceuta ili mu Africa, pagombe la kumpoto moyang'anana ndi Gibraltar, ndipo kulanda kumeneko ndi pomwe Apwitikizi anayambira kutsika ndi gombe lathu, mpaka Vasco da Gama anafika pa chilumba cha Mozambique mu 1498, mpaka Apwitikizi ena pambuyo pake anakwera Zambezi kufika ku Sena ndi ku Tete, komwe kuli abale athu olankhula chilankhulo chomwechi. Yang'anani omwe agwa pansi m'chithunzicho, osati woimirira yekhayo. Ndipo kumbukirani chaka chomwe siteshoni inatsegulidwa, 1916, Portugal inali italowa nkhondo yoyamba yapadziko lonse ndipo ikumenyana ndi Ajeremani kumpoto kwa Mozambique ku mtsinje wa Rovuma, anthu akuda akugwidwa kuti anyamule katundu, chaka chotsatira 1917 anthu a ku Barue ndi m'chigwa cha Zambezi anaukira chifukwa cha chibalo chomwecho. Pakhomalo zimenezi mulibe, ndipo sindikunena kuti musasangalale nalo, luso ndi luso, ine ndimapitako mobwerezabwereza. Koma khomalo ndi dziko likudzifotokoza lokha mmene limafunira kuoneka, pa nthawi yomwe linali losauka ndi losokonekera. Tangoganizani, ntchito inayamba kuli mfumu, mfumu yomwe inaika mwala ija inaphedwa ndi mfuti ku Lisbon mu 1908, ufumu unagwa mu 1910, ndipo boma la repabuliki linadzatsegula nyumba yodzaza zithunzi za mafumu pa 5 Okutobala, tsiku lenileni lokumbukira kugwetsedwa kwa ufumuwo.

Mukatopa ndi mafumu yang'anani zithunzi zina zing'onozing'ono zozungulira makomo, zomwe alendo ambiri amazidumpha ndipo kwa ine ndi zomwe zili ndi moyo. Muli anthu wamba a kumpoto kwa Portugal: okolola mphesa, ngolo za ng'ombe zanyanga zazitali, msika wa ng'ombe, amayi osenza katundu pamutu, otunga madzi pa kasupe, ngalawa pa mtsinje, ndi maulendo a chipembedzo monga wa Nossa Senhora dos Remédios ku Lamego pomwe ng'ombe zimakoka chifanizo. Mayi wosenza mtsuko uja mukamuona mudzati ndi azakhali anu akuchokera kudambo, kaimidwe kake n'komweko, dzanja limodzi m'chiuno. Kenako kwezani maso pamwamba penipeni pafupi ndi denga, pali lamba wa matailosi amitundumitundu, osati buluu yekha, wozungulira chipinda chonse, ameneyo akufotokoza mbiri ya kayendedwe, kuyambira akavalo ndi ngolo mpaka kufika kwa sitima, anthu akumudzi atasonkhana kudabwa nayo. Kudenga kwalembedwa mawu awiri akuluakulu, Minho ndi Douro, mayina a mitsinje ndi zigawo ziwiri zomwe njanji za pano zinkatumikira.

Zakayendedwe tsopano, poti apa ndi pomwe anthu amasokonezeka. Kuchokera ku bwalo la ndege kwerani metro, sitima ya m'tawuni, ya mzere E, tsikani pa Trindade, sinthani kukwera mzere D wolowera ku Gaia, mutsika pa São Bento, mukatuluka pansi siteshoni ili pamaso panu. Mugula kakhadi kotchedwa Andante pa makina, aliyense kake, ndipo muzikagunditsa pa kamakina musanakwere ngakhale pomwe mukusintha mzere, palibe geti yokutsekerezani koma oyendera akakupezani chindapusa chake chimawawa. Derali linakumbidwa kwa zaka zingapo chifukwa cha mzere watsopano wa metro, ndiye mukapeza malata otchinga kunja musakhumudwe, m'kati zonse zili m'malo. Ngati mukuganiza zopita ku Lisbon dziwani kuti sitima zothamanga za Alfa Pendular ndi Intercidades sizinyamukira pa São Bento, zimanyamukira pa Campanhã, siteshoni ina yomwe ili mphindi zinayi kapena zisanu pa sitima kuchoka apa. Ndaonapo banja lina litakhala phee pa São Bento likudikira sitima ya ku Lisbon yomwe inali itanyamuka kale kwina. Pa São Bento pamanyamuka za pafupi, za ku Braga, Guimarães, Aveiro, ndi zina za mzere wa Douro.

Ndi masiku awiri ine sindingakulangizeni kuchoka mu Porto, koma mukadzabweranso kapena mukaona kuti tawuni yakukwanani, sitima ya Douro kupita ku Pinhão ndi ulendo wa maola awiri ndi theka kapena kucheperapo, mukhale mbali ya kumanja popita kuti mtsinje ukhale pa windo lanu, ndipo kasiteshoni ka Pinhão nako kali ndi matailosi a m'ma 1930 osonyeza ntchito ya mphesa ndi ngalawa zonyamula migolo ya vinyo. Aveiro nayo siteshoni yake yakale yakutidwa matailosi kunja. Koma m'tawuni momwemo muli zokwanira: mukatuluka pa São Bento tchalitchi cha Congregados chili pafupi pomwepo, kwerani msewu wa 31 de Janeiro mukafika pa tchalitchi cha Santo Ildefonso chomwe kumaso kwake anajambula ndi Colaço yemweyo mu 1932, pitirirani mu Rua de Santa Catarina mpaka pa Capela das Almas yomwe ndi buluu kuyambira pansi mpaka pamwamba. Mbali inayo, kupitirira nsanja ya Clérigos, kuli tchalitchi cha Carmo ndi khoma lake lam'mbali. Zonsezi ndi zaulere poti zili kunja. Kutsikira ku mtsinje kudzera Rua das Flores ndi mphindi khumi, kutsika n'kokoma koma kubwerera ndi chitunda, misewu yake ndi ya miyala yoterera kukagwa mvula, ndipo ku Porto mvula imagwa zedi kuyambira Okutobala mpaka Malichi, ndiye nsapato zazitali zija zisiyeni ku Leeds. Njala ikakupezani pa siteshoni pompo, mbali ina ya nyumbayo anatsegulamo Time Out Market mu 2024, mitengo yake ndi ya alendo, ine ndimakonda kulowa m'timisewu ta kuseri n'kupeza kalesitilanti komwe akudya ogwira ntchito.

Chinthu china chomwe ndimapempha aliyense: musagule tailosi yakale pamsika wa kaunjika kapena kwa munthu woyala pansi, ngakhale ikongole bwanji. Zambiri mwa zimenezo zimagumulidwa usiku pa nyumba zakale ndi matchalitchi, mukamayenda muona makoma okhala ndi zipsera pomwe zachotsedwa. Vutoli linakula mpaka apolisi ofufuza a kumeneko anayambitsa pulojekiti ya SOS Azulejo mu 2007, ndipo khonsolo ya Porto ili ndi nkhokwe yake, Banco de Materiais, yosungira matailosi opulumutsidwa ku nyumba zogwetsedwa kuti eni nyumba okonza makoma apezeko ofanana nawo. Mukafuna chikumbutso gulani yatsopano yojambulidwa pamanja, mumaidziwa chifukwa mizere yake siifanana ndendende ndi inzake ndipo buluu wake amakhala ndi pokhuthala ndi popepuka, yosindikizidwa ndi makina mukaiyang'anitsitsa imakhala ndi timadontho ngati chithunzi cha m'nyuzi. Kulinso malo angapo m'tawunimo omwe amaphunzitsa kujambula tailosi yanu kwa maola awiri, koma funsani kaye kuti ituluka liti mu uvuni, poti inu muli ndi masiku awiri okha, mupite tsiku loyamba.

Simunanene kuti muli ndi pasipoti yanji. Ngati ndi ya Malawi, chilolezo chokhalira ku UK sichikulowetsani ku Portugal, mufunika viza ya Schengen, ndipo malo a apointimenti amadzaza msanga makamaka chakumapeto kwa Meyi mpaka Ogasiti, yambani zimenezo musanagule tikiti ya ndege. Ndalama ndi ma euro, wotchi simusintha poti nthawi ya Portugal ndi yofanana ndi ya UK. Ndipo ngati masiku anuwo agwera pa 23 Juni, usiku umenewo ndi chikondwerero cha São João, tawuni yonse imakhala mumsewu, anthu akuwotcha nsomba za sardinha pamakala n'kumagogodana pamutu ndi tinyundo tapulasitiki tolira, kutsogolo kwa siteshoni simungaponde pansi. Munthu wosamudziwa akakugogodani musapse mtima, gulani kanyundo kanu mubwezere, matailosi mudzaone m'mawa wake cha m'ma 7 onse akadali m'tulo.